Za sitima ya mwana ija, asuweni

Eee, asuweni, mwaswera? Voisi yanu ndinaimvera m'basi, ndiye ndimati ndifike kaye. Mwati sitima ya mwana, yoseweretsa yamagetsi ija, ikumangoima yokha, kontrola (kabokosi koyendetsera sitimayo) yabwino yoti mugule ndi iti. Koma inetu ndimakudziwani. Nkhani si kontrola apa. Mukufuna ndinene kuti sanakubereni ku car boot kuja, kumsika wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, mupeze chowayankha alamu anga kunyumbako. Hahaha. Sanakubereni ayi. Sitima ija, ya kampani ya Hornby, ndinaigwira ndi manja angawa, ndi yabwinobwino.

Mukuwakumbuka amalume a ku Limbe ndi wailesi yawo ija? Ayi, osati ya ku chinkhoswe ija, inayo, ya chikwama chachikopa. Tsiku la Bullets ndi Wanderers, wailesi zii. Iwo amvekere, "Ine ndimakonza zinthu zazikulu kunjanji, kawailesi n'kachiyani?" Basi kuyala mphasa pakhonde, kumasula chilichonse, timasikuluwu kuthira m'mbale ya ndiwo. Ife kutikalipira kuti tinaigwetsa. Inuyo munalira, musakane, gulu lonseli likumva. Kenako anatuma... anatuma ndani kodi? Inu? Ayi ndanama, ndine, mpaka kumsika kukasaka sipika ina, wapansi. Pobwera mpira watha, ngakhale chigoli chimodzi osachimva. Abwezeretsa zonse, masikuluwu awiri atsala m'mbale, wailesi ili duu. Madzulo anti aja kungotsegula kumbuyo, kuona kasipuling'i kogwira batire kachita dzimbiri. Kupala ndi mpeni wosendera mbatata, wailesi n'kuyamba kuyankhula. Amalume osachita manyazi, ati amadziwa kale, amangofuna aone ngati pakhomopo pali wanzeru. Iii, mzimu wawo uuse mumtendere.

Ndimati chiyani paja... eya. Mwati imaima pamalo amodzimodzi, mbali ya kukhoma kuja, kutali ndi pamene mawaya alowera? Ndiyetu kontrola ilibe mlandu. Ikanakhala yakufa, sitimayo sikanayenda n'komwe. Magetsi ake, 12 volts zija, amayenda m'njanji momwemo, ndipo kuchoka chidutswa china kupita china amadutsira pa tizitsulo tolumikizira tija, ma fishplate. Kamodzi kakakhwepa kapena kuda, kutsogoloko moto sufika. Ndiye ikaima, kanikizani ndi chala pamalumikiziro apafupi, amodziamodzi. Pamene sitima idzidzimukire, wakubayo ndi ameneyo. Kafinyeni ndi pulayala, pang'ono, osati mphamvu zanu zothyola njinga ya eni zija.

Njanjizo mupukutenso ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl, sipiriti wopukutira zipangizo zamagetsi uja, matayala a injini chimodzimodzi. Sandpaper ayi, chonde, imakanda, litsiro n'kumakhazikika m'mikwingwirimamo. Koma kontrola ikamadzithimitsa yokha, imeneyo ndi ina, ndi shoti: fufuzani kamsomali kapena kawaya kamene kagona panjanji ziwiri zonse. 

Ndiye musagule kanthu, asuweni. Ndi polumikizira basi, kasipuling'i ka amalume komweko. Ndalamayo sungani. Mwamva? Musapite kushopu, ndikudziwa mwavala kale nsapato. Kanikizani njanji ndi chala kaye. Zikakanika Loweruka ndibwera ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, tidzawotchererepo mawaya awiri owonjezera mbali ya kukhomayo. Alamu muwauze nsima ikhale ya ufa woyera, mgaiwa uja ndinadya mwaulemu chabe.