Konkire yopanda woikanda

Ndalandira imelo kuchoka kwa achimwene ena omwe amagwira ya zomangamanga cha ku Roodepoort, ku Joni. Akuti pokumba fandeshoni anapeza mwala ngati konkire, muli timiyala toyera tobulungira tomatirirana gwa, ndiye akufunsa kuti anathira simenti pansi pamenepo ndani, komanso kodi simungakhale golide?

Achimwene, palibe anakanda konkire imeneyo, ndi ntchito ya madzi. Mwalawo dzina lake ndi conglomerate. Mukukumbuka nsangalabwi zija tinkatola kumtsinje zoponyera pa legeni? Ndi zomwezo. Mtsinje umagumula miyala kumtunda nkumaigubuduza, ikugundana ikupalana mpaka makona onse kutha, madzi akachepa mphamvu amaitaya penapake, mchenga nkulowa m'mipata, pamwamba nkuunjikana zina ndi zina mpaka zapansi zija kuphinjika, kenako madzi oyenda pansi amasiya silica (chinthu chomwe chimapanga mchenga wambiri) yemwe amamata zonsezo ngati simenti. Timiyala tiyenera kuposa mamilimita 2, tikachepera apo basi ndi mwala wamchenga.

Ine chomwe chimandisangalatsa nchakuti mwalawo umaulula wokha ulendo wake. Timiyala tikakhala tosalala ndiye kuti tinayenda mtunda wautali. Tikakhala takuthwa ngati kwale wa pa saiti, umenewo ndi breccia, unasweka nkumatirirana pafupi pomwepo, mwina m'tsinde mwa phiri. Ku Vredefort kufupi ndi tawuni ya Parys ku South Africa aliko breccia wina yemwe anapangika chimwala chochokera kumwamba chitamenya dziko zaka 2 biliyoni zapitazo.

Tsono za golide, funso lanu silopusa ayi. Joni yonseyi inamangidwa chifukwa cha mwala umenewu. Mu 1886 George Harrison anapeza golide pa famu ya Langlaagte mu conglomerate yemweyu, wa zaka pafupifupi 3 biliyoni, ndipo amigodi anamupatsa dzina loti banket pomufanizira ndi keke ina ya Chidatchi. Agogo athu omwe ankabwera pa Wenela ndi Theba aja ankaboola thanthwe limeneli, mapiri achikasu mukuwaona m'mbali mwa msewu wa M2 ndi zotsalira zake ataligaya.

Koma musathamangire kusiya ntchito. Si conglomerate aliyense ali ndi golide, ndipo ngakhale wabwino amene, tani yathunthu imatulutsa magalamu ochepa chabe, golide wake wobisala mumchenga wa pakati pa timiyala, osaoneka ndi maso. Zonyezimira zachikasu mungaonezo kawirikawiri ndi pyrite, mwala wongofanana ndi golide. Chibenthucho chitsukeni muike pawindo, koma zolowa m'migodi yakale ngati ma zama zama, okumba golide mozemba aja, ndiye ayi achimwene, ana kumudzi akudikira ndalama ya fizi.