Za kamera ija, msuweni, tamvera mpaka kumapeto

Eee, msuweni, mkazi wanga wa ku Joni, ndamva. Ndinawona uthenga wako m'mawa koma ndinali pa denga la munthu ku Nchalo, kumangirira sola, ndipo malata a kuno mwezi wa Okotobala ukuwadziwa, sungagwire foni. Ndiye ndati ndiyankhe ndi mawu, kulemba sindingathe. Enanu muli pa gulupu pano mumvere nawo, makamaka achimwene amene amangoyika chala cham'mwamba pa chilichonse.

Wafunsa kuti ugule kamera yanji, yoti uzimuwona mwana wako Bwana pa foni ali kwa azakhali, ndiponso ngati loko uja wotsekula ndi foni angagwire pa chitseko chawo. Chabwino. Funso ndi limenelo. Koma iwe sunagone chichitikire za Lachiwiri zija, ndikunama? Walemba 2 koloko usiku. Munthu wofuna kudziwa mtengo wa kamera salemba 2 koloko usiku.

Dikira... iwe, tachotsa njingayo pakhomopo! Pepani, ana a kuno.

Za Lachiwiri ndinene kaye mmene zinalili, poti aliyense wakamba zake. Bwana atasowa sanafike ku Shire ayi, amene anakuuza zimenezo anawonjeza mchere. Anamupeza pa ngalande ya kumunda wa nzimbe, atakhala pansi, mapazi ali m'madzi, akumenya madzi ndi chikhatho monga amachitira pa mjigo paja. Azakhali anali atangolowa kukatenga ufa. Anthu anayitana dzina lake mudzi wonse, iye ali chete, chikhalirecho ali pafupi pomwepo. Si mwano, ndi mmene alili, adokotala a ku Queens anakuuza kale kuti ana ambiri a autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lija, sacheuka ukawayitana.

Ndiye kamera... ayi, ndiyambe ndi amalume ako. Bambo aang'ono. Useka, koma tamvera.

Ukukumbuka ali ku Makhanga, asanasamukire ku Bangula, anali ndi ng'ombe ija ya nyanga imodzi, yosamva, imene inkathyola khola n'kukadya mapira a eni ake? Analipira mbuzi ziwiri chifukwa cha ng'ombe imeneyo. Ziwiri kapena zitatu? Ziwiri, yachitatu inali ya mlandu wina uja, tisautchule. Ndiye anakwera njinga mpaka kumsika, kukagula belu. Belu lenileni, lachitsulo, lolira ngati la ku tchalitchi. Anabwera akuliyimba m'njira monse kuti anthu adziwe kuti mavuto atha. Anayimangirira m'khosi. Usiku woyamba ng'ombe ikangopukusa mutu kuthamangitsa udzudzu, ngwee ngwee. Iwo dzambatu, tochi m'manja, kukafika ku khola, ng'ombe ili gone. Kachiwiri, kachitatu, mpaka tambala. Usiku wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anatenga sokosi, sokosi yawo ija ya ku tchalitchi, n'kuyipanikiza m'belumo kuti agoneko. Anagonadi tulo tabwino. M'mawa ng'ombe ili m'munda wa amfumu, yavala belu lake bwinobwino, sokosi ili lendee.

Haha, ayi, ine ndimafa nayo nkhani imeneyi. Ndipo mpaka lero ukawafunsa amati belu linali lachinyengo.

Sizinathere pomwepo. Atawona kuti belu lawakanika anati basi, nkhani ndi maloko. Khola loko, nkhokwe loko, nyumba maloko awiri, wina mkati, wa unyolo, chifukwa amati akuba ng'ombe amayamba atsekera mwini wake. Makiyi onse pa chingwe chimodzi m'thumba la buluku. Ndiye kunabwera madzi a mu Januwale 2015 aja, Ruo atasefukira. Usiku, mdima, madzi alowa m'nyumba afika m'mawondo, buluku lija analikoleka pa mpando, mpando wayandama wapita kuchipinda china. Amayi aang'ono akukuwa, ana ali pa tebulo. Anatulukira pa windo, atalithyola ndi mpini wa khasu, ndipo chipsera chili pa mkono wawo chija n'cha tsiku limenelo, osati za ng'ona zimene amanamiza adzukulu. Iwe unali ku sukulu ku Blantyre nthawi imeneyo, sunawone. Ine ndinawawona pa kampu, atafunda chitenje cha akazi awo, akufunsabe ngati wina wawona makiyi.

Ndiye loko wa pa foni uja, iwalako. Ndanena. Nyumba ya azakhali ili kunsi, pa namondwe Freddy mu 2023 madzi anafika pa khonde, unawona zithunzi. Chitseko chimene kiyi wake ali ku Johannesburg, batire litatha kapena netiweki itagwa usiku wa mvula, ine sindimangirira, olo undilipire ma rand. Ndiponso mwana satsekeredwa m'nyumba yekha, kaya ndi loko wanji. Mpiringidzo wamba, woyika m'mwamba pomwe iye safikira koma wamkulu akhoza kutsekula mumdima ndi dzanja limodzi, umenewo ndikayika Loweruka, ndili nawo kale.

Kamera imagwira, sindikukana. Koma imafuna magetsi osaduka ndi intaneti ya tsiku lonse, ndiye kuti rauta, simu khadi, bandulo mwezi ndi mwezi, batire la sola lokulirapo kuposa kaja kowunikira mababu awiri. Magetsi a kuno suwadalira, namondwe Ana ataphwasula malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 tinakhala nthawi yaitali bwanji tikuwerenga maola? Tinene kuti zonsezo wagula. Uli ku ntchito, foni ili m'loka, ukuyitsegula pa nthawi yopuma, ukuwona Bwana akutuluka pa geti mphindi 40 zapitazo. Kapena tinene wawona pompo. Uyimbira azakhali. Foni yawo ili kuti? Yamangidwa pa mfundo ya chitenje chimene achapa, kapena ili ku tchaji kwa wometa. Kuchoka pakhomo kufika pa ngalande, mmene amathamangira mnyamata uja, ndi mphindi zisanu. Mawondo a azakhali ukuwadziwa.

Tija tozungulira ngati ndalama, tolondolera pomwe chinthu chili, AirTag, wina akakuuza kuti ugule usamvere. Mulibe GPS yolozera malo mmenemo, timadalira ma iPhone a anthu odutsa pafupi kuti tinene pomwe tili. Ku Sandton zitheka. Kuno iPhone ali nayo ndani, mwina abusa. Chimene chingathandizeko ndi tracker ya GPS yolowa simu khadi, imene umajambula malire pa mapu ndipo akadutsa imatumiza uthenga. Koma nayo ili ndi zake: kutchaja pafupipafupi, uthenga nthawi zina umachedwa, ndipo Bwana salola kanthu pa mkono, ukukumbuka wotchi ya pulasitiki ija anayiponya m'chimbudzi. Pokhapokha atelala asokere kathumba mkati mwa kabudula. Ufunse yosalowa madzi. Imeneyo tiyike pambuyo.

Chimene ndikufuna utumize ndi chotchipa mpaka uchita manyazi. Ka alamu ka pa chitseko, tizidutswa tiwiri, kena umamata pa chitseko kena pa felemu, muli maginito, zikangosiyana kamalira. Mabatire ang'onoang'ono basi, sikafuna intaneti. Koma usankhe kamene kali ndi kulira kofatsa, ding dong, osati kokuwa ngati ambulansi. Mwana uja wayilesi ikangokwera amatseka makutu n'kuyamba kudzimenya. Kakamuwopsa, azakhali amumvera chisoni, achotsa batire. Sokosi ija.

Aaa, ndafika pomwe ndimafuna. Msuweni, iwe sukufunsa za kamera. Ukufunsa ngati amayi ako akukwanitsabe, ndipo ukuwopa kufunsa poyera chifukwa ndi amayi ako ndipo akusungira mwana zaka zitatu osadandaula. Ndiye ndiyankha ine, andikwiyire ine. Chikondi ali nacho chochuluka, miyendo alibe. Pakhomo paja pakufunika munthu wachiwiri, wa miyendo, amene ntchito yake ndi Bwana basi, makamaka m'mawa pophika ndi madzulo potunga madzi. Mtsikana wa achemwali wamaliza Fomu 4, ali pakhomo, ndipo Bwana amamulola kumugwira dzanja, umenewo ndi mwayi waukulu. Ndalama ya kamera ndi bandulo ija umupatse iyeyo mwezi ndi mwezi, monga malipiro enieni, osati za sopo.

Ndinawerengako usiku wa Lachiwiri, nanenso sindinagone. Ku America anatulutsa kafukufuku mu 2012, ana a autism opitirira 1,000, anapeza kuti pafupifupi theka anayeserapo kuchoka pakhomo chonchi. Ku America, kumene kuli mipanda ndi makamera. Ndipo choopsa kwambiri akachoka ndi madzi, amakopeka nawo. Ndiye usamadzitukwane kuti ukanakhala kuno sizikanachitika, ndipo azakhali asamadandaule kuti akalamba n'chifukwa chake. Ndiponso amene akunong'ona zoti unamukhwimira kuti upeze ntchito ku Joni, ndikuwadziwa, mmodzi ali pa gulupu pompano, ndamusiya dala.

Ndalankhula kale ndi amfumu ndi anyamata a kabaza a pa siteji. Ndawauza kuti mukamuwona yekha musakuwe, musamuthamangitse, muyende naye pambali n'kuyimba foni. Ndipo tsiku lina akadzasowa, Mulungu aletse, tisadzataye nthawi kumsika. Wina ku ngalande, wina ku mjigo, wina ku chitsime cha kwa a sheikh, wina njira ya ku dambo. Madzi kaye. Chitsime chija ndapempha kuti avindikire, ndipereka malata awiri otsala.

Ndiye ndabwereza, kuti achimwene asadzati sanamve: alamu ingolira, wothamanga akhale munthu. Lipira mtsikana uja kaye, ka alamu kabwere pa basi, tracker tiwone Khirisimasi ukabwera, uyese wekha kumuveka.

Ndipo ngati kamera ukuyifunira kuti uzimuwona nkhope, nena choncho, palibe akuseke. Imeneyo ndi nkhani ina. Lamulungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndizipita ndi foni yanga, tiziyimba vidiyo pa WhatsApp. Sakuyang'ana, ukudziwa, azingozunguza gudumu la njinga yanga, koma ukayimba kanyimbo kaja amasiya gudumu. Ndinawona mwezi watha, sindinakuuze.

Munthu wa miyendo kaye, msuweni, zamagetsi pambuyo. Ndanena katatu tsopano, ngati mlaliki. Azakhali usawayimbire lero za nkhaniyi, ndipita ndekha ndi shuga ndi makakana, ndikayambe ndi nkhani ya belu kuti aseke kaye. Kasitomala wafika, akufuna ndikawone inveta yake. Ma alamuwo ugule atatu, zitseko ndi ziwiri koma limodzi amalume ako alipempha ndithu.