Apezeka ndi puloteni mumkodzo koma apatsidwa mankhwala a mtima

Achemwali, ndaona funso lanu loti bambo anu ali ndi shuga, kuchipatala awapeza ndi puloteni mumkodzo koma mukudabwa kuti awapatsa enalapril (mankhwala a BP) ndi statin (otsitsa mafuta m'magazi) chonsecho mtima sunawavutepo. Adokotala sanalakwitse ayi, chonde musawasiyitse mankhwalawo.

Mkati mwa impso muli timitsempha ting'onoting'ono tosefa magazi, ndiye shuga ikakhala yokwera zaka ndi zaka timitsemphato timaonongeka, puloteni ija amati albumin nkuyamba kudonthera mumkodzo. Tsono shuga siisankha, mitsempha ya kumtima ndi kuubongo nayonso imakhala ikuonongeka nthawi yomweyo, kungoti impso ndi zomwe zayamba kuulula. Komanso impso zikafooka zimasunga mchere ndi madzi mthupi, BP imakwera, mtima nkumapopa molemedwa, BP yomweyo nkubwereranso kukamaliza impsozo. Tonse timaopa dialysis, kusefa magazi ndi makina impso zikalephera, koma ambiri mwa odwala chonchi amapita ndi mtima kapena sitiroko asanafike nkomwe pamakinapo.

Choipa chake matendawa sapweteka. Malume anga ankangoti bola ndikuyenda ndekha, mpaka tsiku lina nsapato zinakana kulowa mapazi atatupa, pamenepo mpomwe anaulula kuti mkodzo wakhala ukuchita thovu ngati wathiramo sopo kwa miyezi, iwo phee osauza munthu.

Mukapitanso mufunse manambala awiri, musangolandira zoti "zili bwino". ACR, yomwe imaonetsa kuchuluka kwa puloteni mumkodzo, ikadutsa 30 mg/g ndiye kuti kudontha kwayamba, eGFR, yomwe imaonetsa mmene impso zikusefera magazi, ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi yoposa 3 ndi matenda a impso amenewo. Bambo aziyezetsa chaka chilichonse, BP ayesetse isamadutse 130/80. Enalapril uja amateteza impso, sikuti ndi wa BP yokha, kungoti ena amawayambitsa chifuwa chouma chosatha, zikatero auzeni adokotala asinthe mwina losartan osati kungosiya okha. Mufunsenso za empagliflozin kapena dapagliflozin, awa amathandiza impso ndi mtima pamodzi. Ngati akumwa mankhwala a shuga a metformin, eGFR ikatsika pansi pa 30 amayenera kusiyitsidwa.

Mankhwala opha ululu a ibuprofen ndi diclofenac awachotse m'chikwama chifukwa amatha kuononga impso, mchere achepetse, ngati amasuta fodya basi zithe. Ndipo munthu wa shuga mtima umatha kumugwira osamva kuwawa pachifuwa kwenikweni, mukadzaona akubanika, thukuta lili kamukamu, akufooka mwadzidzidzi, musadikire kuche thamangani nawo.