Mafunso ndi Mayankho a Zaumoyo: Kusikelo akuti mwana wanenepa mopitirira muyezo

Funso: Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 3 ndi miyezi 9. Kusikelo anamupeza ndi 19.5 kg, msinkhu 100 cm, ndipo anamwino anati wanenepa mopitirira muyezo. Apongozi anga akuti zimenezo n'zabodza, mwana wonenepa ndiye wathanzi. Kodi ndiyambe kumumana chakudya? *Mayi wa ku Chilomoni*

Yankho: Ayi amayi, musamumane chakudya. Koma anamwinowo sananame. Pa tchati cha bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mtsikana wa msinkhu wa 100 cm amalemera pafupifupi 15 kg, ndipo akadutsa cha m'ma 18.4 kg ndiye kuti wanenepa mopitirira. Wanuyo wadutsa mzerewo ndi kilogalamu imodzi. Dziwaninso kuti mzere wa kulemera molingana ndi zaka, womwe ambiri timayang'ana m'kabuku ka kuchipatala, paokha sunena za kunenepa, chifukwa mwana wamtali amalemeranso. Nthawi zonse muzipempha kuti amuyeze msinkhu ndi kulemba zonse ziwiri.

Apongozi anu musawaone ngati olakwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira pomwe onenepa mopitirira anali 5 okha. Munthu amene analerapo ana m'zaka za njala akaona masaya a mdzukulu atadzaza mtima umakhala m'malo. Ulendo wotsatira wa kusikelo mupite nawo, akamve okha kwa anamwino kuti kunenepa kwa paubwana nthawi zambiri kumapitirira mpaka kukula, n'kudzabweretsa shuga ndi BP. Akamvera kwa inu aziti mpongozi akuwaphunzitsa kulera.

Cholinga si choti mwana aonde. Pamsinkhu uwu mwana amatalika 6 kapena 7 cm pachaka, n'kuwonjezera pafupifupi 2 kg. Tikufuna kuti azitalikabe koma sikelo izikwera pang'onopang'ono. Akadzafika 110 cm, patatha chaka ndi theka, akulemera 21 kg, adzakhala atabwerera pansi pa mzere uja asanatsikepo ndi galamu imodzi yomwe.

Yambirani pa zakumwa, chifukwa m'menemo ndi momwe shuga amabisala. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 asapitirire timasupuni ta tiyi 4 kapena 5 ta shuga patsiku, kuphatikiza yense wa m'phala, m'tiyi ndi m'zogula. Botolo limodzi la 300 ml la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi timasupuni 7 kapena 8. Mukawerengera tiwiri ta m'phala, titatu ta m'tiyi, jusi wosungunula wa m'botolo la kusukulu ndi kafirizi ka pageti poweruka, mwana wamwa shuga wa masiku atatu dzuwa lisanapendeke. Thobwa ndi maheu othira shuga nawonso ali m'gulu lomweli. M'botolo la kusukulu muziika madzi. Mkaka makapu awiri patsiku, osapitirira 500 ml, wopanda shuga. Shuga wa m'phala musamuchotse tsiku limodzi, mwana adzalikana phalalo. Chepetsani theka la kasupuni sabata iliyonse, n'kumaponderamo nthochi yakupsa kapena kuthira nsinjiro.

Kenaka mbale. Cholakwika chachikulu n'kumuomolera mwana ndi chipande cha akulu, n'kumuimirira kuti amalize. Mtanda wake wa nsima ukhale ngati chibakera chake, osati chanu, ndipo mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera. Nyemba, usipa, dzira kapena nyama zikhale zodzaza chikhatho chake, ndipo malo otsala m'mbale atenge masamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru. Magulu 6 a zakudya omwe amaphunzitsa kusikelo asasowe, ngakhale gulu la mafuta. Kungoti mafutawo muziyeza ndi supuni m'malo mongopendeketsa botolo mumphika. Akamaliza n'kunena kuti sanakhute, dikirani mphindi 10, akafunabe muonjezereni ndiwo zamasamba ndi kansima pang'ono. Akasiya chakudya m'mbale, musiyeni. Mwana wokakamizidwa kumaliza amasiya kumvera mimba yake.

Azidya katatu patsiku, ndi zotolatola kawiri pa nthawi yodziwika, monga 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana: gwafa, papaya, bango, kachidutswa ka mbatata yophika, chimanga chowiritsa. Pakati pa nthawizi madzi okha. Mandasi, zigege, tchipisi cha pachiwaya ndi timapaketi ta zokhwasulakhwasula zikhale za apo ndi apo, kamodzi pasabata, ndipo zisakhale malipiro a kusiya kulira. Masamba akawakana lero musataye mtima, ana ena amafunika kuona chakudya chatsopano ka 10 kapena ka 15 asanachilandire.

Zonsezi zimatheka pokhapokha nyumba yonse yasintha. Mwana wa zaka 3 sagula shuga, saphika, sapita kugolosale. Ngati iye akumwa madzi pomwe bambo ake akumwa zotsekemera patebulo lomwelo, aona ngati chilango, ndipo sabata ziwiri sizitha musanagonje. Khalani pansi ndi bambo, apongozi ndi aliyense amene amamupatsa chakudya, mugwirizane zinthu ziwiri zokha zoyambira mwezi uno. Ndipo muletse aliyense kumutcha duntu kapena kukamba za thupi lake iye akumva.

Kusikelo muzipita mwezi uliwonse, ngakhale katemera anatha kale. Pakatha miyezi 6 kulemera kukuthamangabe kuposa msinkhu, pemphani kuonana ndi a kiliniko.

Funso: Ine ndi mayi a kunyumba tonse timagwira ntchito ku Limbe. Mnyamata wathu wa zaka 4 amatsala ndi mtsikana wantchito, ndipo tsiku lonse amakhala pa makatuni chifukwa bwalo lathu ndi laling'ono, kunja kwa geti ndi msewu. Thupi likungokula. Titani? *Bambo wa ku Bangwe*

Yankho: Bambo, malangizo a WHO a 2019 amati mwana wa zaka 3 ndi 4 azisewera moyendetsa thupi mphindi 180 patsiku, ndipo mphindi 60 mwa zimenezi zikhale zomutulutsa thukuta. TV ndi foni zisapitirire ola limodzi, tulo tikhale maola 10 mpaka 13. Mphindi 180 sizifuna bwalo la mpira, ndiponso sizichitika nthawi imodzi. Jingo, mpira wachikulunga pakhonde, chibisalirano, kuvina wailesi ikulira, kuthirira maluwa ndi kachitini, kuyenda wapansi popita kusukulu ya mkaka m'malo mobelekedwa, zonsezi zimawerengedwa.

Mtsikana wantchitoyo amayatsa TV kuti apeze mpata wochapa ndi kuphika, choncho kumukalipira sikuthandiza. Muchotsereni ntchito imodzi ya masana, mumuuze kuti ola limenelo ndi losewera ndi mwana, ndipo mugwirizane ndi anansi kuti ana azisewera limodzi bwalo limodzi munthu wamkulu akuwayang'ana. Chakudya cha masana ndi zotolatola muzisiya mutagawiratu, ndipo asamadyere pa TV, chifukwa maso akakhala pa katuni pakamwa sipadziwa kuti mimba yadzaza. Usiku foni ichoke m'manja mwake ola limodzi asanagone. Mwana wogona mochedwa amadzuka wotopa, amafuna zotsekemera ndipo sasewera.

Funso: Mdzukulu wanga wa zaka 2 ndi theka wanenepa mwadzidzidzi mwezi umodzi wokha, makamaka nkhope ndi mapazi, koma sakudya bwino ndipo amangolira. Kodi ndi kunenepa komwe mumanenaku? *Agogo a ku Zingwangwa*

Yankho: Agogo, uku kukhoza kukhala kutupa, ndipo sikodikira. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka 3, n'kuchotsa. Pakatsala kadzenje, ndi madzi amenewo, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi matenda a kusowa zakudya m'thupi kapena vuto la impso. Pitani naye kuchipatala cha Zingwangwa lero lomwe, ngakhale kadzenjeko kasaoneke bwino. Akaona kuti pakufunika, akutumizani ku Queen Elizabeth.

Mutenge kabuku kake ndi mankhwala onse omwe wakhala akumwa, ngakhale ogula pamsika. Mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone amatupitsa nkhope, ndipo ngati wawamwa kwa masabata angapo musamusiyitse nokha mwadzidzidzi, adokotala ndiwo amachepetsa pang'onopang'ono. Makolo enanso asadikire tsiku la sikelo ngati mwana wonenepa wasiya kutalika, akuliza mkonono mpaka kubanika kutulo, miyendo ikupindika ngati uta, khungu la pakhosi lada ngati litsiro losachoka, kapena akumwa madzi ndi kukodza pafupipafupi.