Mutu wa nkhwazi yanga ndinaupeza pa sikelo

Achimwene, mwalemba kuti mukufuna kuyamba kupanga ziboliboli zachitsulo, koma musasiye mageti ndi mafulemu a zitseko msanga ngati mmene mukuganiziramo, ndipo ndikulemba izi mtima ukundiwawa chifukwa mwandikumbutsa zimene ndakhala ndikuyesetsa kuiwala. Ndawotcherera zitsulo kwa zaka 17 kuno ku Lilongwe, kuyambira ku Mchesi pansi pa mtengo ndi makina obwereka. Ziboliboli zachitsulo zoima panja ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa ina iliyonse, koma ndi yomweyo imene inatsala pang'ono kundisiya wopanda ngakhale gulayinda.

Mu Okutobala 2023 bwana wina wa malo ogona alendo anandiitana kuti ndimupangire nkhwazi yotalika mamita 4, yotambasula mapiko, yoti iime polowera pamalo pake. Tinagwirizana mtengo pakamwa, tinagwirana chanza, ndipo anandipatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo. Ndinagula zitsulo zoyambira, ndikuganiza kuti zotsalazo ndidzagula ntchito ikamayenda. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo nditabwerera ku Malangalanga ndi ku Kanengo ndinapeza mapuleti, mapaipi, marodi ndi madisiki zonse zitakwera kotero kuti ndalama imene ndinali nayo sinakwanire ngakhale theka la zimene zinkafunika. Nditamuimbira bwanayo anandiyankha kuti pangano ndi pangano. Ndinatenga katapila kuti ndimalize, chifukwa ndinkaopa kuti dzina langa lingaipe.

Nthenga za mbalame imeneyo ndinazidula pamanja, imodziimodzi, kuchokera pa puleti ya mamilimita 2, kuzipinda ndi hamala, kenako kuziwotcherera motsatana kuyambira kumchira mpaka kukhosi. Magetsi akabwera usiku, ine ndi anyamata anga awiri tinkadzuka n'kugwira mpaka kucha, maso akuwawa ngati mwalowa mchenga. Mapaipi onse ndinawaboola kunsi kuti madzi asamakhazikike mkati, chifukwa chitsulo chathu chimayamba kudyeka ndi dzimbiri kuchokera mkati penti yakunja ikuonekabe yabwino. Ndinapaka red oxide, penti yoteteza ku dzimbiri, kawiri ndisanapake penti yomaliza.

Za maziko ndinamuuza bwanayo momveka bwino: dzenje lakuya mita imodzi ndi theka, zitsulo zolimbitsa mkati, mabawuti omizidwa m'konkire, ndiponso kudikira masiku 28 kuti konkireyo ikhwime. Mapiko otambasula amakola mphepo mofanana ndi denga la malata. Ndinamuonetsanso pa foni Angel of the North, chiboliboli cha Antony Gormley cha ku Gateshead ku England cha mu 1998, chimene n'chotalika mamita 20 ndipo maziko ake analowa pansi pafupifupi mamita 20 omwewo. Bwanayo anaseka, nati mmisiri wake womanga adzachita zimenezo pamtengo wotsika, ineyo ndingobweretsa mbalameyo. Ndinalola, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa chimene chinanditseka pakamwa tsiku limenelo.

Mu Januwale kunagwa mvula yamphepo usiku. M'mawa ndinaipeza nkhwazi yanga itagwa chafufumimba m'matope, phiko lakumanja litapindika pansi pake, ndipo kuphazi kwake kunali chibuma cha konkire chosafika ngakhale m'mawondo. Ndinachigwira ndi dzanja ndipo chinanyenyeka, mchenga wokhawokha, simenti yongonunkhiza. Mabawuti anayi onse anali bwinobwino, palibe pamene ndinawotcherera panasweka. Koma bwanayo, ataima pakhonde pamaso pa antchito ake ndi anyamata anga, ananditchula kuti ndine wowotcherera wa m'mphepete mwa msewu amene anamugulitsa zitsulo zotola, ndipo ananena kuti sindidzaonanso tambala yake. Ndinamupempha masabata awiri kuti ndipeze lole yokhala ndi kireni, ndikaiwongole kwathu. Nditabwerera sinalipo. Mlonda anandinong'oneza kuti anaidula ndi gasi n'kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinayendayenda masiku atatu mpaka ndinaupeza mutu wake uli pa mulu, pakati pa masipuling'i a galimoto ndi mbaula zakutha, ndipo mnyamata wa pamalopo anauika pa sikelo n'kundiuza mtengo wake pa kilogalamu. Ntchito ya miyezi itatu ndinaiwombola ndi ndalama yanga, mutu wokha. Bwana ameneyo amakhala patsogolo m'tchalitchi ndipo amalankhula za kutukula achinyamata, pamene katapila uja ndinamaliza kubweza patatha chaka, ndi ndalama ya mabagala ndi mageti omwe mukufuna kuwasiyawo.

Choncho musayatse makina popanda pangano lolembedwa ndi kusainidwa, lonena kuti mtengo udzasintha zitsulo zikakwera, ndipo muzilandira ndalama yokwanira kugula zipangizo zonse tsiku lomwelo. Maziko muzikumba nokha, ndipo wokana zimenezi mumusiye. Dzina lanu ndi chaka muziziwotcherera pachitsulo penipenipo, muzijambula ntchito iliyonse kuyambira pa chojambula cha papepala mpaka itaima, ndipo mupite ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, mukafunse za kulembetsa ntchito zanu, popeza lamulo la Copyright la 2016 limatetezanso ziboliboli. Ine ndinalephera kupita kukhoti la majisitireti chifukwa ndinalibe kapepala kalikonse m'manja.

Komabe ndinene zoona, ntchito zanga zabwino kwambiri zinabwera kwa anthu amene ndinangogwirana nawo chanza, ndipo ena mukawatulutsira pepala amaona ngati mukuwayesa akuba n'kupita kwa wina. Ndiponso amene amangopanga mageti masiku onse dzanja lake limazolowera mizere yowongoka, ndipo sadzapinda khosi la mbalame n'kuoneka lamoyo. Ngati mtima wanu uli pamenepo, patulani masiku awiri pa sabata, pangani chinthu chachikulu ngakhale palibe amene wakutumani, ndipo muchiimike pamsewu anthu achione. Ine ndayambiranso nkhwazi ina pa mutu womwe uja, ndipo phiko lakumanzere ndatsala pang'ono kulimaliza. Mukafuna kuona mmene ndimapindira nthenga, ndilembereni kumbali mubwere Loweruka.