Tifunseni: Kutsogolera ntchito yopanga katundu watsopano m'fakitale

Makalata a mwezi uno akukhudza ntchito ya madizaina a m'mafakitale, anthu amene amaganizira mmene desiki, ndowa kapena pampu idzaonekere, idzagwirire ntchito ndiponso mmene idzapangidwire. Tasankhapo anayi.

Ndangokwezedwa kumene kuti nditsogolere gulu la anthu anayi pakampani yopanga mipando. Tapatsidwa oda ya madesiki 500 a sukulu, nthawi yake ndi masabata 12. Kujambula ndimakudziwa, koma kuyendetsa ntchito yonse sindinayambepo. Ndiyambire pati? — Mayi wa ku Blantyre

Mayi, sabata yoyamba musayatse n'komwe pulogalamu yojambulira. Lembani tsamba limodzi lonena kuti desikiyo ndi ya ana a msinkhu wanji, pakhala ana angati, mtengo wopangira imodzi usapitirire zingati, ipita kusukulu itamangidwa kale kapena ikamangidwira konko, ndiponso amene adzavomereze kuti katundu ali bwino ndani. Tsambalo asaine mwini oda ndi bwana wanu. Mikangano yambiri ya m'sabata ya 10 imachokera pa zinthu zimene aliyense ankaganiza kuti mnzake akuzidziwa.

Kenako werengani masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lopereka katundu, ndipo yambani ndi chinthu chimene chimachedwa kupezeka. Pa madesiki, chimenechi nthawi zambiri ndi matabwa ouma. Paini wongochekedwa kumene amakhala ndi madzi ambiri. Mukamukhomera choncho, akamauma amapindika, amang'aluka, ndipo mabawuti amakhwepa ana asanathe ndi teremu imodzi yomwe. Matabwa a mipando afunika chinyezi cha 12 mpaka 15 peresenti, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi madesiki obwezedwa. Choncho odani matabwa sabata yoyamba, chojambula chisanathe n'komwe, popeza makulidwe ake mukuwadziwa kale.

Pojambula, kumbukirani kuti mapaipi achitsulo amagulitsidwa aatali mamita 6. Mwendo wa mamilimita 760 umatuluka kasanu ndi kawiri papaipi imodzi, n'kutsala chidutswa choposa theka la mita chopanda ntchito. Mukaufupikitsa n'kukhala 745, miyendo imatuluka isanu ndi itatu, ngakhale mutachotsera mamilimita atatu amene sowo imadya pakudula kulikonse. Pa madesiki 500 a miyendo inayi, ndiye kuti mugula mapaipi 250 m'malo mwa 286. Kusiyana kwa mamilimita 15 mwana sangakumve, ndipo mbali ina mumaibweza ndi timapulasitiki totsekera kunsi kwa miyendo. Mabodi nawo amabwera a mamilimita 1220 kwa 2440. Yesani muyeso wa pamwamba pa desiki molingana ndi bodiyo.

Pofika sabata yachitatu pakhale sampulo yeniyeni, osati chithunzi. Ikhalireni anthu akuluakulu awiri, igwedezeni, ikokeni pasimenti monga ana amachitira, ndipo onani ngati pali nsonga yong'amba yunifolomu. Mwini oda akaivomereza, asaine pa sampulo pomwepo ndi peni yosafufutika, ndipo desiki imeneyo itsekeredwe. Ndiyo mboni yanu.

Gawo limene atsogoleri atsopano amakonda kulumpha ndi lotsatirali. Pangani majigi, zija zogwirira zidutswa pamalo amodzi powotcherera, kenako pangani madesiki 20 okha pogwiritsa ntchito anthu ndi zida zomwe zidzapange onse 500. Yesani mphindi zimene gawo lililonse likutenga: kudula, kuboola, kuwotcherera, kupala, kupenta, kumanga. Mudzapeza kuti gawo limodzi ndilo likuchedwetsa onse, ndipo kawirikawiri limakhala la penti, chifukwa chitsulo chimayenera kupukutidwa mafuta, kupakidwa penti yoyamba yoteteza dzimbiri, kuuma, ndiye n'kupakidwa yomaliza. Malo oumitsira akachepa, owotcherera angafulumire bwanji ntchito siyenda. Siyaninso masabata awiri opanda ntchito kumapeto kwa ndondomeko yanu chifukwa cha kuzima kwa magetsi ndi mvula. Masabata amenewa akhale pamodzi kumapeto, m'manja mwanu. Mukawagawira gawo lililonse, aliyense amadya ake.

Tinaoda chikombole cha beseni lapulasitiki ku China. Patatha masabata atatu bwana akufuna tisinthe zogwirira ndi kuwonjezera dzina la kampani pansi. Ndikakana ndioneka wamwano, ndikavomera tichedwa. Nditani? — Dizaina wa ku Lilongwe

Musakane ndipo musavomere pakamwa. Ntchito yanu ndi kuwaonetsa bwana mtengo wa zimene akufunazo, kuti asankhe akudziwa. Lero lomwe lemberani opanga chikombolewo, afotokoze pamene afika, ndalama zimene kusinthako kudye ndi masiku amene kuwonjezere. Mayankhowo muwaike papepala limodzi: chosinthidwa n'chiyani, chifukwa chake, mtengo, masiku, ndi malo osaina. Mabwana ambiri akaona manambala amasiya okha zina mwa zofuna zawo, ndipo zimene atsala nazo zimakhala zofunikadi.

Dziwaninso kuti zosintha ziwirizi sizofanana kulemera. Pachikombole, kuchotsa chitsulo n'kosavuta, kubwezera chitsulo n'kovuta. Zilembo zotukuka pansi pa beseni zimangofuna kugoba chikombole pang'ono, ndipo zingachitike ngakhale kumapeto. Kukulitsa zogwirira nakonso ndi kugoba. Koma kuzichepetsa kapena kuzisuntha kumafuna kuwotcherera chitsulo kapena kuikamo chidutswa china, ndipo pamalo pamenepo pamatha kusiya chipsera pa beseni lililonse limene lidzatuluke. N'chifukwa chake dizaina wochenjera, pamene akukayikira muyeso, amayamba ndi pulasitiki yochepa kuti adzawonjezere pambuyo.

Poti mwatsegula kale nkhani ndi opangawo, onaninso izi. Makoma a beseni akhale opendekeka digiri imodzi kapena awiri kuti lizituluka m'chikombole osakanda. Makulidwe akhale ofanana paliponse. Pamene pakhuthala kwambiri pamachedwa kuzizira ndipo pamalowa m'kati. Nthiti zolimbitsa zogwirira zisapitirire 60 peresenti ya makulidwe a khoma, apo ayi kunja kudzaoneka timaenje. Opangawo adziwe mtundu weniweni wa pulasitiki yomwe mudzagwiritse ntchito, chifukwa polypropylene imafota ndi 1 mpaka 2 peresenti ikamazizira, ndipo chikombole chimagobedwa mokulirapo poganizira zimenezi. Atumizireninso miyeso ya makina anu: mphamvu yofinyira, mpata wa pakati pa mizati yake, ndi kukula kwa mphete yolunzanitsira chikombole ndi makinawo. Chikombole chabwino chimene sichikulowa m'makina ndi chitsulo chabe.

Chomaliza, ndalama yotsala musalipire musanalandire masampulo oyamba, amene amawatcha T1, n'kuwayeza nokha. Chikombole chikangokwera sitima kupita ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kuchibweza kuti akakonze kumadya miyezi, osanenanso za kudikira ndalama zakunja kubanki.

Kapitawo wa kuwekishopu kwathu amasintha zojambula zanga osandiuza, akuti zimene ndimajambula sizipangika. Ndi wamkulu kwa ine ndipo wakhalitsa pakampani. Ndikamunenere? — Mnyamata wa ku Mzuzu

Achimwene, musathamangire ku ofesi ya bwana. Tengani chojambulacho mupite nacho kwa akuluwo, muwapemphe akuonetseni pamakina penipeni pamene pakuvuta. Nthawi zambiri mudzapeza kuti akunena zoona: mwaika bowo pafupi kwambiri ndi popinda ndipo likupotoka, kapena mwalemba muyeso wothina wa theka la milimita pa chinthu chowotcherera, pomwe chitsulo chimakokana chikamazizira.

Komabe kusintha mwakachetechete n'kulakwa, ngakhale wosinthayo atakhoza. Tsiku limene iwo adzadwale, wina adzapanga motsatira pepala ndipo zidutswa sizidzalumikizana. Gwirizanani zinthu ziwiri. Chojambula chilichonse azichiona ndi kusainapo chisanatuluke mu ofesi yanu. Ndipo chilichonse chosinthidwa kuwekishopu chizilembedwa ndi peni yofiira n'kubwerera kwa inu tsiku lomwelo, inu n'kutulutsa chatsopano chokhala ndi chilembo chotsatira, B pambuyo pa A, n'kuchotsa chakale pakhoma ndi manja anu. Munthu amene wafunsidwa nzeru poyamba sakhala ndi chifukwa chokonzera m'seri.

Ndine manijala ndipo ndiyenera kulemba lipoti la kagwiridwe ka ntchito ka dizaina wathu wamkulu. Zojambula zake n'zokongola, koma utsogoleri wake ndiuyeza bwanji? — Bambo wa ku Lusaka

Bambo, kukongola kwa zojambula n'kumene kumasokeretsa mamanijala ambiri, chifukwa ndi kokhako kumene kumaoneka pamsonkhano. Tsegulani mafayilo a mapulojekiti ake a chaka chino muone zinthu zowerengeka. Zojambula zitavomerezedwa, zinasinthidwanso kangati, ndipo anayambitsa ndani? Zosintha zochokera kwa kasitomala si mlandu wake, koma zochokera ku zolakwika zimene sampulo ikanaonetsa ndi zake. Pa katundu woyamba kupangidwa, ndi angati anadutsa osabwerezedwa? Mtengo weniweni wopangira unasiyana bwanji ndi umene analonjeza? Nanga makasitomala anabweza zingati, pa zifukwa ziti?

Pa nkhani ya masiku, musangoona ngati anachedwa. Onani tsiku limene anakuuzani kuti achedwa. Mtsogoleri amene amabwera kudakali masabata asanu ndi limodzi n'kunena kuti matabwa sanaume, njira zilipo ziwiri, sankhani, ndi wodalirika kuposa amene amangoti zonse zili bwino mpaka Lachisanu lomaliza. Ife timaona kuti ichi ndicho chizindikiro chachikulu kuposa zonse, ndipo chimadaliranso inu: ngati wobweretsa uthenga woipa mumamukalipira, mudzaumva mochedwa nthawi zonse.

Funsaninso amene ali pansi pake, aliyense payekha. Kodi akudziwa chimene akuyenera kumaliza sabata ino? Dizainayo akapita kutchuthi, mafayilo amapezeka, ntchito imayenda? Madizaina ambiri akakwezedwa amapitiriza kujambula zonse okha usiku chifukwa sakhulupirira anzawo, ndipo gulu lonse limangodikira munthu mmodzi. Ameneyo ndi wakhama, koma pa utsogoleri mumupatse malikisi ochepa ndipo mumuuze chifukwa chake.

Pali muyeso wina umene suoneka chaka chomwecho: kodi katunduyo akawonongeka amakonzeka? Chitsanzo chabwino ndi pampu ya Afridev ya pamijigo, imene ntchito yoipanga inayambira ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Amene anaipanga anaika patsogolo kuti anthu a m'mudzi azitha kuikonza okha. Ndodo zake ndi ziwalo za pansi zimatuluka osazula mapaipi, zimene zimatha msanga ndi timabushi tapulasitiki ndi timalabala totsika mtengo, ndipo zida zofunika ndi zochepa kwambiri. Zosankha zotere zimachitika koyambirira, pamene dizaina wakhala pansi ndi amene adzagwiritse ntchito chinthucho ndi amene adzachikonze. Choncho m'lipoti lanu muikemo funso lakuti chaka chino iye anapita kangati kukaona katundu wake akugwira ntchito kwa kasitomala, ndipo anasintha chiyani atabwerako. Ngati sanapiteko, mulembe ulendowo ngati cholinga chake cha miyezi itatu ikubwerayi, ndipo ndalama ya mayendedwe muiike mubajeti.