Loya wanga akuti tiyambe takambirana: kodi akuopa khoti?

FUNSO: Ine ndi mnzanga tinayamba bizinesi limodzi, koma tsopano tasemphana maganizo pa kagawidwe ka phindu. Nditapita kwa loya kuti akasume kukhoti, anandiuza kuti iye ndi membala wa bungwe lolimbikitsa kuthetsa mikangano pokambirana, ndipo akufuna tiyambe takhala pansi ndi mkhalapakati. Kodi mabungwe amenewa amagwira ntchito yanji, nanga loyayu sakungochita mantha? Wowerenga wodandaula.

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Sindikukhulupirira kuti loya wanuyo akuchita mantha, chifukwa mlandu ukamakokakoka kukhoti ndiye kuti malipiro ake akuchuluka, choncho pokulozerani njira yachidule akuganizira thumba lanu koposa lake.

Mabungwe otere alipo ambiri ndipo ena ndi akalekale. Chartered Institute of Arbitrators linakhazikitsidwa ku London mu 1915, Centre for Effective Dispute Resolution linayamba mumzinda womwewo mu 1990, pamene International Mediation Institute linakhazikitsidwa ku The Hague, m'dziko la Netherlands, mu 2007. Zina mwa ntchito za mabungwe otere ndi kuphunzitsa amkhalapakati, kuwapatsa ziphaso ndi kuwaikira malamulo a kagwiridwe ka ntchito. Kwa inu phindu lagona pamenepa, popeza m'mayiko ambiri munthu aliyense angathe kudzitcha mkhalapakati, koma amene ali pansi pa bungwe amayenera kusunga chinsinsi, kusakondera, ndiponso kuulula ngati ali pachibale kapena paubwenzi ndi mbali ina, ndipo akalakwitsa muli ndi kokadandaula.

Dziwani kuti mkhalapakati si woweruza ndipo sagamula mlandu. Kawirikawiri amayamba wakhala nanu nonse pamodzi, kenako amakuikani m'zipinda zosiyana n'kumayendera mbali iliyonse payokha, ndipo zimene mwamuuza kumbali sakazifikitsa kwa mnzanuyo pokhapokha mutamulola. M'chipinda chimenecho ndi mmene munthu amatha kunena zimene sanganene pamaso pa woweruza, mwachitsanzo kuti chimene chikumuwawa kwenikweni si ndalama, koma kuti mnzake anasaina mapepala osamufunsa. Khoti lingalamule kuti wina alipire, koma si ntchito yake kukonza mmene mudzagwirire ntchito limodzi mawa, kapena mmene mungasiyanirane popanda kupha bizinesiyo. Mukagwirizana, zonse zimalembedwa n'kusainidwa, ndipo chikalatacho chimakumangani ngati pangano lina lililonse. Mukalephera, khomo la khoti likadali lotsegula. Ngakhale bungwe la United Nations linaiona njirayi kuti ndi yofunika, moti mu 2019 mayiko anasaina pangano ku Singapore lothandiza kuti zimene anthu amalonda a m'mayiko osiyana agwirizana pamaso pa mkhalapakati zizitsatidwa.

Palinso njira imene loya wa mumzinda wa Minneapolis ku America, Stuart Webb, anayambitsa mu 1990 pa milandu ya m'banja, imene ine ndimaisirira kwambiri: maloya a mbali zonse amasainirana kuti zokambirana zikakanika, iwo atula pansi udindo ndipo sadzaimira anthuwo kukhoti. Motero palibe loya amene amapindula mkangano ukakula.

Komabe si nkhani iliyonse yoyenera kukambirana. Ngati pali nkhanza, kuopsezana, kapena mukukayikira kuti mnzanuyo akubisa ndi kusamutsa ndalama, pamafunika chiletso cha khoti msanga. Ndiponso ngakhale akuluakulu amati mlandu suwola, malamulo amaika malire a nthawi yokasuma, ndipo munthu wochenjera angakuchedwetseni dala ndi zokambirana zosatha. Musanavomere, mufunseni loya wanu kuti nthawiyo itha liti, mkhalapakati amene akumuganizirayo ali ndi chiphaso cha bungwe liti, ndiponso kuti malipiro ake mugawana bwanji ndi mnzanuyo.